Ndinati Nyimbo Ndi Yomweyo

Atate anga anachita khungu pang'onopang'ono chifukwa cha matenda a shuga. Anayamba ndi kupempha kuti tiyatse magetsi dzuwa lili pamutu, kenako ankaponda mphaka pakhomo, ndipo pofika chaka chimene amayi anamwalira anali atangotsala ndi kusiyanitsa kuwala ndi mdima. Tinkakhala awiri m'nyumba ya khonsolo ku Kabwata, mumzinda wa Lusaka. Alongo anga aakulu anali atakwera pantchito ku kampani ina ya boma n'kusamukira ku Kabulonga, kumene agalu ankadya bwino kuposa ife, ndipo mng'ono wanga anali atakwatiwa ku Kitwe. Ndinatsala ndine. Masana ndinkataipa makalata mu ofesi ina ku Longacres, m'mawa uliwonse ndinkawiritsa jakisoni wa atate m'kapoto, Loweruka ndinkaima pamzere wa sopo ndi mafuta ophikira. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ndinali nditatopa.

Maso atapita, atate anatsala ndi zinthu ziwiri zowasangalatsa. Choyamba chinali limba la ku tchalitchi kwathu, lija lopopa ndi mapazi, limene ankaliimba Lamulungu lililonse popanda buku. Chachiwiri chinali filimu ya Lachinayi. Televizhoni yathu inali ya zithunzi zakuda ndi zoyera, yofunika kuimenya khofi pambali kuti ikhazikike. Nkhani zikatha, zomwe masiku amenewo zinali za chipani kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kunkabwera filimu ya mzungu wina wofufuza milandu, wamtali, woonda, wokonda kupukuta magalasi ake akamafunsa anthu mafunso. Mlungu uliwonse munthu ankaphedwa, ndipo mlungu uliwonse mzunguyo ankapeza wakupha.

Tinagawana ntchito. Ine ndinali maso, ndipo lamulo la atate linali lakuti ndizinena zimene ndikuona, osati zimene ndikuganiza. "Walowa m'chipinda. Pansi pali chipewa. Mkazi uja wayang'ana kumbali." Basi. Koma nyimbo ikangoyamba, atate ankagogoda ndodo pansi kamodzi, ine n'kutseka pakamwa. Pamenepo ntchito inali yawo.

Filimuyo inkayamba ndi lipenga limodzi, lokwera katatu kenako n'kutsika pang'onopang'ono ngati munthu wotsika masitepe atasenza katundu. Pansi pake pankayenda chigitala chachikulu chija choimiritsa pansi, chimene chimamveka m'mimba osati m'khutu. Atate anali ataphunzira chilankhulo chake chonse. Munthu akamanama, chigitalacho chinkayenda monyang'ama. Munthu akatsala pang'ono kufa, limba linkagwira liwu limodzi osalisiya. Wofufuza uja akazindikira kanthu, lipenga linkabwera chapansipansi, ngakhale iye asanatsegule pakamwa.

"Azungu awa akhoza kunama ndi pakamwa," atate ankatero, "koma woimbayu anawerenga kale nkhani yonse. Iyeyu sanama."

Filimu isanafike pakati ankagogoda ndodo n'kunena kuti, "Ndi dokotala uja," kapena, "Ndi mkazi wake." Ankaphonya mwa kamodzikamodzi. Anansi athu amene ankadzaza pansi kudzaonera nawo ankagwira pakamwa. Mayi wina wa nyumba yoyandikana nafe ankati, "Mdala uyu ni mfiti, ise tili na menso koma atipambana." Atate ankaseka mpaka kutsokomola. Ndikamakumbukira nkhope yawo ili yosangalala, ndimaikumbukira pa Lachinayi.

Tinachita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi. Kenako filimuyo inangoleka, popanda wotiuza chifukwa, monga zinthu zambiri zinkalekera nthawi imeneyo. Kwa miyezi ingapo atate ankafunsabe Lachinayi lililonse ngati yabwerera. Lipenga lija ankaliimba chamumtima akamameta ndevu, ndipo tsiku lina analilowetsa pa limba nthawi ya chopereka, pang'onopang'ono ndiponso mwaulemu, moti mkulu wina wa mpingo anadzawafunsa kuti nyimboyo ndi nambala chani m'buku.

Tsono ine ndinali ndi mwamuna wofuna kundikwatira, mphunzitsi wa ku Chelstone. Zonse za ukwati zinali zitakambidwa, koma anali atandidikira zaka zitatu. Iye sankafuna kudzakhala chikamwini m'nyumba ya apongozi, atate sankafuna kuchoka m'nyumba imene amayi anafera, ndipo ine sindikanawasiya okha ndi jakisoni amene sankatha kumuona. Alongo anga anali ndi njira yawo: atate apite kumudzi ku Katete, kwa azakhali athu, kumene kuli anthu ambiri owayang'anira ndiponso chipatala cha mishoni pafupi. Banja linakhalapo pansi kawiri konse pa nkhaniyi. Ulendo wachiwiri atate anaitseka ndi mawu amene tonse tinawamva.

"Maso okha ndi amene afa. Mutu uli bwino. Tsiku limene mutu udzayambe kusokonekera, musadzavutike kundikakamiza, ndidzakwera basi ndekha."

Kuyambira pamenepo alongo anga anasanduka wofufuza milandu nawonso. Atate akaiwala dzina la mdzukulu, iwo ankandiyang'ana. Atate akasiya mpopi wotsegula, iwo ankandiitanira panja n'kufunsa kuti, "Nanga ivi, si mutu?" Ine ndinkakana nthawi zonse, chifukwa sizinali zoona. Mutu wa atate unali wakuthwa kuposa wathu tonse. Popeza ndine ndinkakhala nawo, mawu anga ndi amene ankamaliza nkhani.

Chaka china alongo anga anatumizidwa ku maphunziro kunja, n'kubwerako ndi vidiyo. Masiku amenewo vidiyo inali chinthu choti anthu ankabwera kudzangoiona yokha, isanayatsidwe n'komwe. Alamu anga anailukira kansalu koifunditsa, ndipo ana ankaletsedwa kupuma pafupi nayo. Pakati pa matepi amene anabwera nawo panali ya wofufuza wathu uja. Ndiyenera kunena chilungamo apa: alongo anga anaigula chifukwa chokonda atate. Anayenda m'masitolo a dziko la eni kufunafuna chinthu chosangalatsa nkhalamba yakhungu. Panalibe msampha uliwonse.

Anadzatitenga Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi. Azakhali a ku Katete analiponso, atabwera ku Lusaka kudzaonetsa mwendo wawo kwa madokotala. Titadya, anatseka makatani, atate anawakhazika pampando waukulu, ine pambali pawo monga kale. Atate anali atavala jekete lawo la ku tchalitchi, ndodo ili pakati pa miyendo, akumwetulira ngati mwana.

Tepi inayamba. Chinthu choyamba chimene ndinaona n'chakuti jekete la wofufuza uja linali lobiriwira. Zaka zonsezo ndinkaliyesa lotuwa. Chachiwiri ndinachimva. Lipenga panalibe. Chigitala panalibe. M'malo mwake munkalira kalimba ka magetsi, kopyapyala, kothamanga, konga kaja amaimba pa maukwati a mu holo. Sindinafunike kuganiza. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti nyimboyo si yake.

Ndodo inagogoda pansi.

"Mwalakwitsa tepi," atate anatero.

"Ni yamene iyi, ba tate," alongo anga anayankha. "Pa bokosi balemba, na chithunzi chake chilipo."

Wofufuza uja anayamba kulankhula. Atate anapendeketsa mutu, kumvetsera nthawi yaitali.

"Mawu ndi ake," anatero. "Koma nyimbo si yake. Lipenga lili kuti?"

"Lipenga ya chani futi? Ba tate, papita zaka zingati? Mwaibala chabe."

"Sindinaiwale. Imayamba chonchi." Ndipo anayamba kuliimba lipengalo mokweza, dzanja likukwera ndi kutsika m'mwamba, pamwamba pa kalimba ka m'tepi kaja. Zinthu ziwirizo sizinkagwirizana ngakhale pang'ono. Kwa munthu amene sanaimvepo nyimbo yakaleyo, chinkaoneka ndi nkhalamba yakhungu ikuimba zakezake pakati pa filimu. Alamu anga anayang'ana pansi. Azakhali anayang'ana alongo anga.

"Bazungu sibachinja-chinja vinthu monga ise," alongo anga anatero, mawu atayamba kuuma. Anali atapwetekedwa mtima, mphatso yawo ikukanidwa pamaso pa anthu. "Filimu ni imozi, nyimbo ni imozi. Ni imwe mwasokoneza na nyimbo za ku chalichi."

Pamenepo atate anatembenukira kwa ine. Ankakonda kunditchula kuti mayi, chifukwa ndinatengera dzina la amayi awo.

"Mayi, iwe unali nane Lachinayi lililonse. Auze."

Ndinene chimene chinali mumtima mwanga. Mlungu womwewo mphunzitsi uja anali atandiuza kuti amusamutsira ku Kabwe, ndipo sukulu ikamatsegulira tidzapita limodzi kapena nkhani yathu ithere pomwepo. Sanalankhule mwaukali, anangotopa nayenso. Ndinali ndisanauze munthu aliyense. Ndiye atate atandifunsa, anthu onse akundiyang'ana, ndinaona khomo litatseguka, ndipo ndinadziwa bwinobwino kuti ndi khomo lanji. Sindinganame kuti ndinasokonezeka, kapena kuti ndinkaopa kuchititsa manyazi alongo anga. Ndinasankha.

"Nyimbo ndi yomweyo, atate," ndinatero.

 Atate anafunsanso motsitsa, ngati tili awiri.

"Lipenga lija lilipo?"

"Lilipo. Mwina simukulimva bwino."

Bodza loyamba ndikhoza kunena kuti linangotuluka. Lachiwirili ndinalipanga ndi manja anga, ndipo ndi limene limandiwawa kwambiri.

Atate anati, "Oho." Anatsamira mpando. Filimu inapitirira, ine ndikunena zimene ndikuona monga mwa ntchito yanga, mawu anga akumveka bwinobwino ngati palibe chachitika. Ndodo sinagogodenso. Wakupha anagwidwa atate asanamutchule, ndipo alamu anga anabweretsa tiyi. Pobwerera ku Kabwata m'galimoto, atate anathokoza alongo anga chifukwa cha tepi, n'kupepesa kuti anachita phokoso.

Ndinkaganiza kuti akwiya, akangana nane kunyumba, ndipo mwina ndikanavomera. Sanatero. Anandikhulupirira. Zaka zonse zija chilichonse chimene ankadziwa cha dziko looneka chinkadzera pakamwa panga, ndipo sizinawabwerere m'mutu kuti pakamwapo pangapotoke. Iwo anaona kuti cholakwa chili m'khutu mwawo.

Lamulungu lotsatira, ali pa limba, anaima pakati pa nyimbo. Mpingo unapitiriza wokha mzere umodzi n'kuzirala. Atate anaitana woyang'anira kwaya n'kumufunsa chonong'ona ngati akuimba nyimbo yolondola. Inali yolondola. Ine ndinali pabenchi lachitatu kumbali ya azimayi, ndikuona zonse, nditagwira buku langa la nyimbo. Kunyumba anayamba kundifunsa tinthu ting'onoting'ono. "Pali amene wagogoda, kapena ndi ine?" "Wailesi ikulira, eti?" Ndinkayankha zoona pa zonsezo, ngati kuti zoona zing'onozing'ono zingalipire bodza lalikulu lija.

Patapita milungu itatu anandituma kuti ndiitane alongo anga. Atafika, atate anali atavala kale jekete.

"Ndinalonjeza," anatero. "Munthu amene akumva zimene kulibe, osamva zimene zilipo, sayenera kukhala patsogolo pa mpingo, ndipo sayenera kumangirira mwana wamkazi pakhomo. Mundigulire tikiti."

Alongo anga analira, zoona, misozi yeniyeni. Ine ndinapita kuchipinda kukalongedza. Ndinakulunga majakisoni m'nsalu yoyera, ndinalemba pa pepala nthawi zobayira kuti azakhali asasokoneze, ndinapinda malaya onse bwinobwino. Ndinkagwira ntchitoyo mosamala kwambiri, ndipo nthawi yonseyo pakamwa panga panali potseka. Pa siteshoni ya mabasi ku Kamwala atate anandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndakhala mwana wabwino.

Ndinakwatiwa, ndinapita ku Kabwe, kenako tinabwereranso ku Lusaka n'kupeza nyumba ku Chelstone. Ndipo ndinasangalala. Ichi ndiye chochititsa manyazi kuposa zonse, koma ndi choona. Ndinkadzuka m'mawa popanda kapoto ka jakisoni, ndinkapita kumene ndafuna, ndinabereka mwana wamkazi. Nkhani ya tepi ndinaikankhira pansi pa mtima. Koma mlandu suwola.

Nafenso tinadzagula vidiyo yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ndinkabwereka matepi pa kasitolo kena m'tauni. Tsiku lina ndinaona tepi ya wofufuza uja pa shelefu. Ndinafunsa mwini sitolo, ngati nkhani yongocheza, chifukwa chake nyimbo za m'matepi ena zimasiyana ndi za pa televizhoni.

"Aa, ivo vichitika maningi, ba mayo," anatero. "Nyimbo ili na bene bake, filimu ili na bene bake. Bakafuna kugulisa pa tepi, bene ba nyimbo bafuna ndalama zao. Bakakangana, bachosamo chabe nyimbo, baikamo ina ya chipi, yosadula. Bantu bambili sibaziba. Imwe muli na matu yabwino."

Ndinatuluka osabwereka kanthu. Sanandiuze chachilendo, chifukwa kuti nyimbo inasinthidwa ndinkadziwa kuyambira tsiku lija. Chimene chinandilasa ndi kundiyamikira makutu. Ndinayenda mpaka pokwerera minibasi ndikudzitukwana, ndipo mwezi womwewo ndinapempha tchuthi, ndinabereka mwana kumbuyo, n'kukwera basi ya ku Katete.

Ndinapeza atate ataonda, koma mutu uli mbee. Anandifunsa za anansi onse a ku Kabwata mayina ndi mayina, za mwana wa uje amene anathyoka mkono, za mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. Anamugwiragwira mdzukulu wawo kumaso n'kunena kuti mphumi ndi ya amayi. Palibe chimene anali ataiwala. Azakhali ananditengera kukhitchini n'kundiuza kuti tchalitchi cha kumeneko chilibe limba, ndipo akulu a mpingo atamva kuti kwabwera katswiri wa nyimbo wa ku Lusaka, anadzawapempha katatu konse kuti aziyambitsa nyimbo. Anakana. Amati khutu lawo linawonongeka, angasocheretse anthu a Mulungu. Ngakhale kuimba nawo sankaimba, ankangoyendetsa milomo.

Masana a tsiku lachiwiri tinatsala awiri pakhonde, iwo akusenda mtedza m'lichero. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo.

"Atate, ndili ndi mlandu kwa inu."

"Nena, mayi."

Ndinanena zonse. Kuti lipenga panalibe. Kuti ndinadziwa tepi itangoyamba. Kuti ogulitsa matepi amachotsa nyimbo, ndipo munthu wa m'sitolo wanditsimikizira. Kuti ndinanama chifukwa ndinkafuna kukwatiwa, ndinkafuna iwo achoke. Mawu omalizawa anatuluka movuta, koma ndinawanena, ndikulira ngati pamaliro.

Atate anasiya kusenda. Anafufuza mutu wanga ndi dzanja mpaka anaupeza. Kenako anaseka pang'ono.

"Azakhali ako ndiye akutuma? Akufuna ndikaimbe ku tchalitchi kwawoko?"

"Ayi, atate. Palibe wandituma. Ndikunena zoona."

"Azungu achotse nyimbo yabwino ija, aikemo ina, pa filimu yomweyo? Achitirenji zimenezo? Nkhani yako waikonza bwino, koma yaperewera pamenepo."

Ndinalumbira. Ndinatchula amayi ali kumanda, chinthu chimene sindinachitepo. Posowa chochita ndinayamba kuimba lipenga lija ndekha, mamina ali chuchuchu, kuti aone kuti ndikulikumbukira ndipo si limene linali m'tepi. Ndili pakati, chala chawo chinadzuka.

"Potsikapo wathamanga. Limayamba laima kaye."

Anali olondola. Ndinati, "Mwaona, atate? Mwaona? Khutu lanu lili bwino!"

Chala chija chinabwerera m'lichero.

"Usatengere za ine, mwina ndi mmene ndimalimvera m'mutu mwangamu." Anatola mtedza wina n'kuuswa. "Tamvera, mayi. Zaka zisanu ndi chimodzi unali maso anga, ndipo sunandinamizepo ngakhale mtundu wa chipewa. Tsiku lija unandiuza zoona pamaso pa anthu, ngakhale zinali zowawa, ndipo ndinakulemekeza nazo. Usayambe kunama lero chifukwa chondimvera chisoni. Sizikukuyenera."

Ndinayesanso madzulo ake, ndinayesanso m'mawa ndisanakwere basi, ndipo ulendo wachitatu anandiletsa mwaukali kuti nkhaniyo ithe. Anakhala ku Katete zaka zina zinayi. Azakhali anandiuza pa maliro kuti mpaka tsiku lomaliza sanayambitsepo nyimbo ngakhale imodzi.